Chisanu cha ku UK chisakumalizireni mapaundi: za hita m'nyumba ya lendi

Akangobweza mawotchi Lamlungu lomaliza la Okutobala, masiku nkuyamba kufupika mpaka mdima kumagwa cha m'ma 4 koloko, nkhani m'magulu athu a pa WhatsApp imakhala imodzi basi, bilu ya gasi ndi magetsi. Wina akuti yandibwerera yoopsa, wina akuti mita yanga ikungodya ndalama ndisanayatse nkomwe kanthu, wina wangoganiza zozimitsiratu zonse azigona ndi jekete. Amene amavutika kwambiri ndi abale athu ongofika kumene, ogwira ntchito ya care, manesi, ana asukulu, anthu oti lendi yokha yawapinda kale komanso kumudzi akudikira kangachepe mwezi ukatha. Ine chimene ndimaona nchakuti ndalama zambiri sizithera pa kuotha ayi, zimathera pa kusaidziwa nyumbayo mmene imayendera, ndi mantha oopa kumufunsa landilodi zinthu zoti ndi udindo wake.

Yambani ndi mita. Tsiku lomwe mwalandira makiyi, musanatsitse nkomwe masutukesi, pezani pamene pali mita ya gasi ndi ya magetsi, nthawi zambiri zimakhala pansi pa masitepe kapena m'kabokosi koyera panja, jambulani manambala ake pa foni ndipo muwatumize ku kampani imene ikupereka magetsi panyumbapo. Ngongole ya munthu amene anatuluka si yanu, koma ngati mulibe umboni wa tsiku lomwe munalowa mudzavutika kukana. Ngati mwapeza mita yothira mayunitsi, ya kiyi kapena khadi, musagwiritse kiyi ya amene anatulukayo, imbani foni akupatseni yanu, chifukwa mwina pa kiyi yakaleyo pali ngongole ndipo nthawi iliyonse mukathira £20 mita izidula kaye gawo lake inu osadziwa. Amene mwakhalamo kale, yang'anani pa bilu ngati alemba kuti estimated. Akatero ndiye kuti akungoganizira, sanawerenge, ndiye mwezi ndi mwezi muziwatumizira manambala enieni, kapena pemphani smart meter, mita imene imatumiza yokha manambala, kuikitsa kwake simulipira.

Chinthu china chimene chimadabwitsa anthu ndi standing charge. Iyi ndi ndalama ya tsiku ndi tsiku imene mumalipira kaya mwayatsa kaya simunayatse, mu 2025 inali cha m'ma 50p kupita m'mwamba pa magetsi ndi cha m'ma 30p pa gasi. Ndiye amene muli pa mita yothira, ngati chilimwe chonse simunathire gasi poti kunali kotentha, ndalama ija imakhala ikuunjikana chamumtima, ndipo mukadzathira koyamba mu Novembala mudzaona ngati akuberani. Muzithirako pang'ono ngakhale mu Julayi. Komanso mukamva zoti bungwe la Ofgem, loyang'anira makampani a gasi ndi magetsi, laika price cap, imene amaisintha miyezi itatu iliyonse ku England, Scotland ndi Wales, musaganize kuti bilu yanu ili ndi malire. Malirewo ali pa mtengo wa yuniti imodzi ndi standing charge basi, mukagwiritsa zambiri mulipira zambiri.

Tsopano apa ndi pamene ambiri timaluza. Munthu amaopa kuyatsa hita ya nyumba yonse, ya maredieta oyendera boyila ya gasi ija, akuti idya ndalama, ndiye amakagula kahita kamagetsi kofuka mphepo yotentha kaja nkumakayatsa kuchipinda. Abale anga, yuniti ya magetsi ndi yodula pafupifupi kanayi kuposa ya gasi. Mu 2025 gasi anali cha m'ma 6p kapena 7p pa yuniti pomwe magetsi anali cha m'ma 26p. Tawerengerani nokha. Kahita ka 2kW kamadya mayunitsi awiri pa ola, ndiye ndi 52p pa ola, mukayatsa maola asanu pa tsiku ndi £2.60, pa mwezi yakwana £78, ndipo mwatenthetsa chipinda chimodzi chokha, ana kuchipinda kwawo akunjenjemera. Ngati m'nyumbamo muli anthu atatu aliyense ndi kake ndiye musachite kufunsa. Zilibe kanthu kuti ndi ya mafuta mkati ija kapena ya nyale zofiira, hita iliyonse yolumikiza kukhoma imatulutsa kutentha molingana ndi magetsi amene yadya, palibe yamatsenga, ngakhale otsatsa malonda pa Facebook anene zotani. Kahita kamagetsi kali ndi ntchito yake pamene muli nokhanokha m'nyumba yaikulu ndipo mukufuna kutenthetsa kachipinda kamodzi kwa kanthawi kochepa, kapena boyila yafa mukudikira okonza. Kupatula apo, ngati nyumba ili ndi boyila ya gasi, gwiritsani boyila.

Koma boyilayo muidziwe. Pali zinthu zitatu zimene zimailamulira ndipo anthu amazisokoneza. Pakhoma, nthawi zambiri pa kolido kapena pabalaza, pali thermostat, iyi ndi imene imauza boyila kuti nyumba yafika pa kutentha kumene mukufuna, izime. A zaumoyo kuno amati musatsike pansi pa madigiri 18, makamaka ngati muli ndi okalamba kapena odwala, ndipo pakati pa 18 ndi 21 mpokwanira. Kuipotokola mpaka 30 mukalowa m'nyumba mutazizidwa sikufulumizitsa kalikonse, nyumba itentha pa liwiro lomwelo, kusiyana kwake nkwakuti boyila siizima, mutuluka thukuta nkutsegula windo, ndalama nkumatulukira pomwepo. Ngati munazolowera 22 tsitsani digiri imodzi mukhale nayo sabata, thupi limazolowera, kenako tsitsaninso imodzi. Digiri imodzi yokhayo imaoneka pa bilu ya chaka. Chipinda chogona khanda ndiye sichifuna kutentha kwambiri nkomwe, pakati pa 16 ndi 20 ndi pamene amalangiza.

Kenako pali timer kapena programmer, ndipo apa ife ogwira mashifiti tiyenera kuchenjera chifukwa nthawi zambiri inatcheredwa ndi munthu wogwira ntchito ya 9 mpaka 5. Inu mwapita ku long day kuyambira 8 mmawa mpaka 8 usiku, hita yayaka 4 koloko ikutenthetsa mipando. Kapena muli pa night, mwafika 8 mmawa ndi pamene yangozima kumene. Tengani rota yanu sabata iliyonse muitchere kuti iziyaka mphindi 30 musanadzuke kapena musanafike, ndipo izizima mphindi 30 musanatuluke kapena musanagone, maredieta amakhalabe otentha kwa kanthawi. Ngati buku lake mulibe lembani dzina la boyila kapena timer pa YouTube, mupeza wina akuonetsa batani lililonse. Zoti hita izingoyaka pang'onopang'ono tsiku lonse ndiye kotchipa, m'nyumba zakale zalendi zolowa mphepo zimene ambirife timakhalamo sizoona. Chokhacho, mukamachoka masiku angapo, monga amene mumapita kumudzi pa Khisimisi, musazimitsiretu, siyani pa chizindikiro cha frost kapena pa madigiri otsika, chifukwa mapaipi akaundana nkuphulika nkhani yake ndi landilodi ikhala yaitali ndipo dipoziti ikhoza kuthera pomwepo.

Chachitatu chili pa boyila penipenipo ndipo ndi ochepa amachigwira. Ngati muli ndi combi, imene imatenthetsa madzi nthawi yomwe mwatsegula mpope, yopanda thanki, kutsogolo kwake kuli batani kapena kogudubuza kokhala ndi chithunzi cha redieta. Amenewo ndi matenthedwe a madzi opita m'maredieta. Zambiri anazisiya pa 70 kapena 80, inu tsitsani ifike 60. Maredieta satentha mootcha ngati kale ndipo nyumba itenga nthawi pang'ono kuti ifunde, koma boyila imadya gasi wochepa ikamayenda chonchi. Kukazizira koopsa mu Januwale mutha kukwezanso. Koma ngati muli ndi thanki ya madzi otentha m'kabati, musatsitse, madzi a m'thanki ayenera kufika 60 kuti tizilombo ta Legionella tisaswane.

Pa redieta iliyonse m'mbali mwake mumakhala kogudubuza ka manambala, 0 mpaka 5. Pa 3 ndi pafupifupi madigiri 20. Pabalaza ikani 3, kuchipinda chogona 2, chipinda chimene simugonamo munthu 1 nkutseka chitseko, koma osati 0 chisanu chonse chifukwa makoma ayamba chinyezi. Ndiye tagwirani redieta hita ikuyaka. Ngati pansi patentha koma pamwamba pali zii, mwalowa mpweya. Kakiyi kake nkotchipa kwambiri ku B&Q kapena Screwfix. Zimitsani hita idikire izizire, ikani kansanza pansi pa kabowo kali pakona yapamwamba, potokolani pang'ono chabe, mumva kuti psiii, madzi akangoyamba kudontha tsekani. Mukatero kayang'aneni geji ya pa boyila, muvi uzikhala pakati pa 1 ndi 1.5 boyila ili yozizira, ngati watsika ndipo simudziwa kuonjezera kwake muuzeni landilodi kapena agent. Sofa isatsamire redieta, makatani asaiphimbe.

Ena muli m'mafulati opanda gasi, muli zimahita zolemera zomata kukhoma zotchedwa storage heater. Izi zimayendera tariff ya Economy 7, magetsi amatchipa maola 7 usiku koma masana amadula kuposa masiku onse. Mkati mwake muli njerwa zimene zimatentha usiku nkumatulutsa kutenthako masana. Pamwamba pali togudubuza tiwiri. Input ndi kuchuluka kwa kutentha kumene isunge usiku, muzikweza mukamva kuti mawa kuzizira kwambiri. Output ndi mmene ikutulutsira, iyi izikhala pansi penipeni usiku ndi pamene mwachoka, muzitsegula madzulo mukafika. Ambiri amasiya output yotsegula, pofika 5 koloko njerwa zazizira, nkuyamba kudina boost pa mtengo wa masana. Funsani kampani yanu maola enieni otchipa chifukwa amasiyana, ndipo thanki ya madzi nayo izitentha maola omwewo. Shawa yamagetsi musaipeputse, zambiri ndi za 8.5kW kupita m'mwamba, mphindi 10 zokha mwadya pafupifupi yuniti ndi theka.

Za mphepo yolowa m'mipata sindichulutsa, nzosavuta. Tsiku la mphepo yendetsani dzanja lonyowa m'mphepete mwa mawindo ndi zitseko, mumva pamene ikulowera. Tepi ya siponji yomata pa felemu, pulasitiki yoonekera yomata pa windo ya galasi limodzi imene mumaiwongola ndi hair dryer, burashi ya pa kabowo ka makalata, zonsezi zimamatuka bwinobwino potuluka ndiye dipoziti siikhudzidwa. Pansi pa chitseko thalauza yakale yoikamo nsanza imagwira ntchito. Makatani okhuthala mumawapeza motchipa m'ma charity shop, muzitseka kukangoyamba kuda nkutsegula dzuwa likawala. Pansi pa matabwa kapena laminate yalani kapeti. Chokhomera misomali kapena kubowola funsani kaye, ndipo yankho likhale lolemba.

Koma pomata mipatapo musatseke timabowo ta mpweya, tija tili pamwamba pa mawindo ndi tija ta pa khoma, makamaka m'chipinda chimene muli boyila kapena chitofu cha gasi. Nyumba imafunika kupuma. Ife timaphika nyemba maola awiri, nsima, madzi osamba, zovala tayanika pa redieta poti panja mvula siikata, mawindo onse tatseka kuti kutentha kusathawe, ndiye nthunzi yonseyo ipita kuti? Mmawa mupeza madzi akuyenderera pa galasi, pakapita masabata kuseri kwa wadirobu kwada bii ndi nkhungu. Nkhunguyi si nkhani ya ukhondo chabe. Mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak wa ku Rochdale, anamwalira mu Disembala 2020 chifukwa chopuma nkhungu ya m'nyumba imene makolo ake anadandaula kambirimbiri, mpaka pano kuli lamulo lotchedwa dzina lake. Ndiye mukamaphika vundikirani mapoto, yatsani fani, tsekani chitseko cha kukhitchini nkutsegula windo pang'ono. Mukasamba chimodzimodzi. Mmawa pukutani mawindo, tsegulani mphindi 10 mpweya usinthe. Zovala yanikani pa choyanikira m'chipinda chimodzi chotseka, windo lili pang'ono, osati pa redieta, chifukwa zimatchinga kutentha ndipo boyila imalimbana nthawi yaitali. Ngati mungakwanitse gulani dehumidifier, mashini yochotsa chinyezi mumpweya, imadya magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi hita, ndipo nyumba youma imafunda msanga kuposa yachinyezi. Bedi ndi wadirobu zisagunde khoma lakunja, siyani kampata.

Thupi lanu nalo lithandizeni. Zovala zopyapyala zingapo zimafunditsa kuposa chijuzi chimodzi, thermal mkati, masokosi, masilipasi. Bulangete lamagetsi ndiye ndimalilimbikitsa kwambiri, ambiri sapitirira 100W, ndiye pa ola silikwana 3p, yerekezani ndi 52p ija. Botolo la madzi otentha musathire madzi obwadamuka kumene ndipo musadzaze, limaphulika nkuotcha koopsa, komanso osaliphatikiza ndi bulangete lamagetsi. Koma izi nzoonjezera, sizilowa m'malo mwa kutenthetsa nyumba, makamaka ngati muli ndi ana, wa asthma kapena wa BP.

Ichi ndiye ndikupemphani ndi mtima wonse. Musalowetse mbaula, makala kapena choocherapo nyama m'nyumba kuti muothe, ngakhale makalawo akuoneka ngati azima. Kwathu mu Juni timamva za mabanja opezeka atafa atagona ndi mbaula, ndiye nyumba za kuno nzotsekeka kuposa zakwathu. Carbon monoxide, mpweya wakupha umene makala amatulutsa, suoneka, sununkha, mumangomva mutu, chizungulire, nseru, tulo, basi. Kuyatsa uvuni wa gasi nkusiya chitseko chake chotsegula nakonso nkoopsa chimodzimodzi. Ku England kuyambira Okutobala 2022 landilodi ayenera kuika alamu ya carbon monoxide m'chipinda chimene muli boyila, dinani batani lake muone ngati ikulira. Mukamva fungo la gasi kapena alamu ikalira, tsegulani mawindo, tulukani, imbani 0800 111 999.

Tibwere kwa a landilodi. Ambirife timaopa, poti ndife obwera, poti nyumba inavuta kupeza, poti viza. Koma lamulo la zokonza nyumba silifunsa pasipoti yanu. Ku England ndi Wales, kukonza boyila, maredieta ndi madzi otentha ndi udindo wa mwini nyumba, ku England zili mu Landlord and Tenant Act 1985 gawo 11, ndipo ku Scotland nako lamulo lawo limanena zofanana. Chaka chilichonse ayenera kubweretsa injiniya wovomerezeka wa m'kaundula wa Gas Safe kudzayendera zonse za gasi nkukupatsani pepala lake. Pafupifupi nyumba iliyonse yalendi ili ndi EPC, pepala loonetsa mmene imasungira kutentha kuyambira A mpaka G, mutha kuliona ulere pa gov.uk mukangolemba postcode. Kuyambira Epulo 2020 ku England ndi Wales saloledwa kuchititsa lendi nyumba ya F kapena G pokhapokha ali ndi chilolezo chapadera cholembetsedwa. Amene mukusaka nyumba panopa yang'anani EPC musanasaine, nyumba ya E yotchipa ndi £50 pa mwezi ikhoza kukudyerani zoposa pamenepo kuyerekeza ndi ya C. Chikawonongeka chinthu musangoimba foni, lembani imelo kapena meseji, tsiku, zithunzi, ndipo munene ngati muli ndi ana. Boyila ikafa pakati pa chisanu pemphani akubwerekeni mahita pamene mukudikira. Akakhala chete pitani ku khansolo ya dera lanu, ofesi ya environmental health kapena private sector housing, ali ndi mphamvu zoyendera nyumba ndi kumulamula akonze. Koma musasiye kulipira lendi pofuna kumukhaulitsa, mukatero mwamupatsa chifukwa chokutulutsirani. Mabungwe a Shelter ndi Citizens Advice amathandiza ulere pa nkhani zimenezi.

Ngati bilu ili m'dzina lanu muli ndi ufulu wosintha kampani kapena tariff, landilodi mumangomudziwitsa. Direct debit imatchipa kuposa kudikira bilu ibwere kenako nkulipira. Amene mumagula magetsi kwa landilodi kudzera pa kamita kake, dziwani kuti saloledwa kukugulitsani mtengo woposa umene iye akugulira, pemphani muone bilu. A m'nyumba zogawana za bills included werengani contract, zina zili ndi malire a fair usage, mukapyola amakulipiritsani, ndiye khalani pansi nonse mugwirizane maola oyatsa, kusiyana ndi kuti aliyense abise kahita kuchipinda kwake.

Thandizo la boma liripo, Warm Home Discount ya £150, Cold Weather Payment ya £25 (kupatula ku Scotland) kukazizira pa 0 kapena kutsika masiku 7 otsatizana, koma zimatsatira ma benefit, ndiye ambiri amene viza yanu inalembedwa no recourse to public funds sizikufikani, ndipo musalembetse chilichonse cha boma kapena cha khansolo musanafunse a Citizens Advice ngati sichikhudza viza yanu. Chimene aliyense angalembetse posatengera viza ndi Priority Services Register, kaundula wa anthu ofunika thandizo lapadera pa za magetsi ndi gasi, ulere kudzera ku kampani yanu ya magetsi, ngati panyumba pali woyembekezera, mwana wosakwana zaka 5, wolumala kapena wodwala matenda okhalitsa. A ku Scotland imbirani Home Energy Scotland, uphungu wawo ndi waulere. Masiku a off, malaibulale ambiri ndi matchalitchi amatsegula malo ofunda nthawi ya chisanu, ana akawerenge kumeneko hita yakunyumba ipumeko.

Bilu ikakukulirani musabise makalata mu drowa. Imbirani kampaniyo musanaphonye mwezi, auzeni ndalama imene mumapeza ndi imene mungakwanitse, malamulo a Ofgem amawakakamiza kugwirizana nanu ndondomeko yolipira pang'onopang'ono molingana ndi thumba lanu. A mita yothira mayunitsi akatha muli ndi emergency credit, ndipo ngati nayo yatha mulibe kolowera imbani mupemphe additional support credit, mudzabweza pang'onopang'ono. Ndipo ngati kampani ndi imene inalakwitsa osakutumizirani bilu yolondola, siiloledwa kukulipiritsani magetsi kapena gasi amene munagwiritsa miyezi yoposa 12 yapitayo, bola inuyo simunawatsekereze kuwerenga mita. Mukadandaula osathandizidwa kwa masabata 8, nkhaniyo mutha kuipititsa kwa Energy Ombudsman, ofesi yoweruza madandaulo otere, nakonso simulipira kanthu.